Kumbuyo kwa Misulu

Ndinali telala. Ndinaphunzira kusoka ku Balaka, pakhonde la sitolo ya Mmwenye, kufupi ndi njanji. Sukulu sindinapite nayo patali, koma kuwerenga ndi kulemba ndinkadziwa, ndipo tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwanga. Ndinkavala malaya osita ndi kabudula wa khaki wosoka ndekha. Anthu ankayamba ndi iwo kundipatsa moni, ine n'kuyankha.

Ndinakwatira kutsidya kwa Shire, m'dziko la Kawinga, mudzi wina kuseri kwa Nselema. Kumeneko mwamuna amakhala kwa mkazi. Ndinali mkamwini. Munda unali wa akazi anga. Nyumba ndinamanga ine, koma pamalo pa apongozi. Mwana wamkazi amene tinabereka anali wakuchikazi, ndipo wolamula za iye anali agogo ake, osati ine. Zimenezi sizinkandivuta, chifukwa nthawi yambiri ndinali ku Balaka. Kumudzi ndinkafika ngati mlendo, nditanyamula mchere, sopo ndi kadiresi ka mwana.

Apongozi anga aakazi sindinkawadziwa nkhope bwinobwino. Mwambo unali wotero. Mkamwini ndi apongozi ake sayang'anizana, salankhulana, sadyera pamodzi. Mukakumana panjira, mkamwini amapatukira kutchire n'kunjuta atatembenuka, mpaka apongozi atadutsa. Mawu ankadzera kwa akazi anga. Ndinkadziwa liwu lawo kuseri kwa mpanda, mapazi awo, ndi nsalu yawo yakuda yofwifwa. Basi.

Njala ya 1949 inasintha zonse. Mvula inadula chimanga chisanamasule. Anthu analeka kusoketsa zovala. Mwini sitolo analowetsa makina ake m'kati n'kutseka, pakuti makinawo sanali anga. Ndinawoloka Shire pa Liwonde, ulendo wa kwa akazi anga, chimanjamanja.

Panjira chitsa chinandibaya pamwamba pa kakolo. Kanali kabala kakang'ono, koma thupi linalibe chakudya choti lipolere. Kanakula n'kusanduka chilonda cha njinda, chonunkha, choitana ntchentche. Pofika nyengo ya dzuwa lamphamvu mwendo unali utatupa, ndipo ndinkayendera ndodo.

Amuna a m'mudzimo anapangana zopita kwa Apwitikizi, kuseri kwa nyanja ya Chiuta, kukalima ganyu ya chinangwa. Alamu anga, mlongo wa akazi anga, anaima pakhomo panga ndi thumba paphewa.

"Alamu, tiyeni. Kapena tikuberekeni?"

"Mwendo," ndinatero.

"Womwe uja wopondera makina? Watha mafuta eti? Tsalani, mutisungire mudzi. Amayiwa akafuna wowasokera zigamba, mulipo."

Anaseka, anzawo nawonso anaseka. Chilamu chimalola zotere.

Tinatsala akazi, ana, nkhalamba ziwiri zosaona, ndi ine. Akazi ankalawirira kumadambo akutali kukakumba mizu ndi kutola mango osakhwima oti aphike. Ankabwerako dzuwa litapendeka. Tsiku lina akazi anga anaika nsalu yoberekera pamphasa panga.

"Abambo ake mwana, sindingathe kubereka mwana ndi kusenza dengu. Miyendo ikunjenjemera. Muzitsala naye."

Anandionetsa mangidwe ake, mfundo pachifuwa, maso ali pansi. Anadziwa chimene ankandipempha. Masiku amenewo mwamuna sankabereka mwana kumbuyo.

Mwanayo anali atayamba kale kuyenda ndi kulankhula. Tsopano anali atasiya zonse ziwiri. Tsitsi linafiira n'kuwongoka. Mapazi anatupa, ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Phala la gaga linkangomudutsa m'mimba. Ana awiri a m'mudzimo, amsinkhu wake, tinali titawaika kale. Ndinkadziwa chimene ndinkaona.

Pakhomo sindinkafuna kukhala. Ana otsala ankabwera kudzaonerera telala wobereka mwana. Choncho akazi akangochoka ndinkatsimphina ndi ndodo yanga kudutsa kuminda, mpaka kukatchire kena kumene kunalibe njira. Kumeneko kunali chulu chakale, chiswe chitachokamo, ndipo pamwamba pake panamera mtengo wa bwemba. Zipatso zake anthu anali atatha kalekale. Ndinkakhala pamthunzi, msana kutsamira mwala, mwana pamiyendo.

Misulu ndinaiona tsiku lomwe ndinafika. Poyamba ndinamva kulira kwakuthwa, ngati kwa mbalame, kenaka kuthamanga m'masamba ouma, kenaka zii. Nditakhala osagwedezeka kanthawi, kamutu kanatuluka pa una wina wa chulucho. Kenanso pa una wina. Timaso tonse pa ine.

Misulu ilipo yamitundu iwiri. Ina ndi yaikulu ngati mphaka, yamizeremizere pamsana. Iyi inali yaing'ono, yosaposa gologolo, yaubweya woderako, makutu aafupi, mchira wosongoka. Ena amaisokoneza ndi nyenga. Nyenga imayenda yokha ndipo imagwira nkhuku. Msulu suyenda wokha. Imeneyi inali gulu, yoposa zala za manja anga, ndipo inkagona m'mauna amene chiswe chinasiya.

Siilawirira. Imadikira kuti dzuwa liwombe pachulu, ndiye imatuluka umodziumodzi n'kugona chafufumimba pa dothi lofunda. Imanyambitana m'khosi, imalumana mwamasewera. Chimbudzi chake ndi malo amodzi, pambali pa chulu. Isananyamuke imapita pa kamtengo kena kopendama, uliwonse n'kuimirira ndi miyendo yakutsogolo, matako m'mwamba, kupaka fungo lake pamtengopo. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinatsala pang'ono kuseka. Mwana anayang'ana, koma nkhope yake sinasinthe.

Ikamadya imabalalika, koma siisiya kuyankhulana. Uliwonse umalira pang'onopang'ono, mphuno ili pansi, kuti anzake adziwe pamene uli. Umodzi sudya. Umakwera pachitsa kapena pansonga ya chulu n'kuima chilili, kuyang'ana kumwamba ndi m'mbali. Ukatopa, wina umakwera. Kulira kochenjeza za mphamba ndi kwina, kwa njoka kapena galu ndi kwina. Ndinafika pozindikira zonsezi osatembenuka.

Wobereka ndi umodzi, waukazi waukulu, ndipo anzake onse amaupatsa njira. Ana ake amaleredwa ndi gulu lonse. Ena akapita kosaka, umodzi umatsala pa una ndi ana, ndipo nthawi zina wotsalayo unali wamphongo. Ndinauona ukunyamula kamwana pakamwa, n'kukabweza m'kati katatuluka. Wina anganene kuti zimenezi zinanditonthoza. Iyayi. Ine sindine msulu.

Mvula itagwa, akazi anadzala timbewu timene tinalipo, koma njala ndi pamene inakula. Chodzala sichidyedwa mawa lake. Kutchire kokha ndi kumene kunadzuka zamoyo. Misulu inayamba kunona. Inkafukula mbozi zoyera pansi pa zipika zowola. Inkagwira abuluzi, ziwala, abongololo. Chinkhanira inkayamba yachiluma kumchira, kenaka n'kudya. Koma chimene chinandikoka maso ndi nkhululu. Msulu umamva nkhululu ili pansi pa nthaka, umakumba mofulumira dothi likuwulukira kumbuyo, n'kuitulutsa yonenepa ngati chala chachikulu. Nkhululu ndi ndiwo, aliyense amadziwa. Koma okumba ake ndi ana. Ndipo pafupi ndi mudzi ana anali atatha zonse.

Panali mthengu umene unkatsatira gululo. Mbalame yakuda imeneyi inkatera panthambi yapansi n'kumayang'ana. Mphamba akabwera inkachenjeza zoona. Koma nthawi zina, msulu ukangotulutsa chonona, mthengu unkalira ngati kwabwera mphamba kulibe. Msulu n'kutaya chakudya, n'kuthawira pansi pa chitsamba. Mthengu n'kutsika, n'kutola.

Ndinaonerera zimenezi kangapo. Tsiku lina msulu unatulutsa nkhululu pafupi ndi phazi langa labwino. Ndinaomba m'manja mwamphamvu. Unataya n'kuthawa. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali munthu, n'kutola.

Ndinakoleza kamoto ndi khala limene ndinkabwera nalo m'phale. Ndinaiotcha, n'kuchotsa miyendo ndi mutu, n'kuisinja pamwala. Ndinaika pa lilime la mwana. Anameza. Anatsegulanso pakamwa.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali imeneyo. Misulu ikanyamuka, ine kumbuyo. Siiyenda mwaliwiro ikamadya, ndipo siitalikira chulu chake. Kuimirira kunkaiopsa, ndiponso mwendo sunkalola, choncho ndinkakhwekhwereza matako pansi, mwendo wodwala uli patsogolo, mwana kumsana. Kabudula wa khaki anayamba kutha kumbuyo. Ndinalibe ulusi, ndinalibe chigamba. Malaya ndinkawatulutsa kunja kuti aphimbe.

Sindinkalanda chilichonse. Ndinkasankha nkhululu ndi ziwala zazikulu. Wobereka uja sindinkaulanda. Unali waukali, ndipo sunkataya. Ndinkalanda yaing'ono, yamantha. Inkandiyang'ana ili pansi pa chitsamba, kenaka n'kuyambanso kukumba pena.

Kenaka panachitika chinthu chimene chinandipweteka kuposa mwendo. Mlonda wa pachitsa analeka kundilirira. M'mawa ndikafika, unkandiyang'ana kamodzi n'kubwezera maso kumwamba. Ina inkadutsa pamwamba pa ndodo yanga. Wina unanunkhiza phazi la mwana. Munthu aliyense akadutsa patali, ngakhale mwana wotola nkhuni, gulu lonse linkalowa pansi. Ine ayi. Inandiika pamodzi ndi zitsa ndi mthengu. Kuomba m'manja kunaleka kugwira ntchito, moti ndinayamba kukankha ndi ndodo.

Kumudzi ndinkabweretsa zotsala zochepa, zokulunga m'tsamba. Akazi anga anafunsa kamodzi.

"Mwazipeza kuti?"

"Kutchire."

"Mwakumba nokha, ndi mwendo umenewo?"

"Idyani."

Sanafunsenso.

Mwana sanachire ndi nkhululu, koma analeka kutsika. Masiku ena tinkapeza zambiri, masiku ena ziwiri zokha. Mvula ikagwa usana wonse misulu sinkatuluka, ndipo ife tinkagona ndi gaga.

Tsiku lina gulu linapita kumbali imene silinkapitako, kunsi kwa chitsamba chaminga. Ndinamva nkhanga ikuuluka mwaphokoso. Patapita kanthawi msulu wina unatuluka chambuyo, ukugubuduza dzira ndi miyendo yakutsogolo. Unaligubuduza mpaka pamwala. Unatembenuka, mwala uli kumbuyo kwake, n'kugwira dziralo pachifuwa, n'kuliponya pakati pa miyendo yakumbuyo. Linagunda mwala, koma silinasweke. Dzira la nkhanga ndi lolimba. Unaligubuduzanso, n'kuponyanso. Anzake anazungulira, akulira mwadyera. Ndinafika ndi ndodo yanga lisanasweke.

Ndinaligwira m'manja nthawi yaitali. Kwathu, ndi kwa akazi anga komwe, mwana sankadya mazira. Ankati amadwala khunyu, amagwa n'kumaphupha thovu lili kukamwa. Ine ndinakulira m'mawu amenewo. Ku Balaka ndinamvapo kuti ana a Azungu amadya mazira tsiku ndi tsiku, koma ndinkati matupi awo ndi ena. Sindinganame kuti ndinkadziwa. Ndinkaopa. Komanso mwanayo sanali woti ine ndingamuswere mwambo. Apongozi akanamva, akanatha kutulutsa mphasa yanga panja, ndipo palibe akanawatsutsa.

Ndinayang'ana mapazi a mwana. Khungu linali litayamba kung'ambika pamwamba pake.

Ndinapeza chitini chadzimbiri kumunda, n'kutunga madzi a mvula pamphako ya mwala. Ndinaliphika. Ndinamupatsa pang'onopang'ono, chachikasu choyamba. Anadya lonse, n'kunyambita chala changa. Makoko ndinaponya mu una wa chulu. Kenaka ndinakhala ndikumuyang'anitsitsa mpaka dzuwa kupendeka. Akagwedeza dzanja, ndinkamuyang'ana kukamwa. Anangogona tulo.

Chisacho chinali ndi mazira ambiri, chifukwa nkhanga zimaikirana pamodzi. Atate anga anandiuza ndili mwana kuti mazira a nkhanga satola ndi manja. Ikamva fungo la munthu imasiya chisa. Amatola ndi chipande, ndipo satha onse. Chipande cha akazi anga chinali chimodzi, akanachifuna madzulo omwewo. Pa thandala la apongozi panali ziwiri. Akazi onse atachoka m'mawa ndinapisa dzanja pampanda n'kutenga chimodzi, n'kukachibisa pa bwemba.

Motero tinkagawana atatu: nkhanga ikuikira, misulu ikuba, ine ndikubera onse awiri. Chisa chimenecho chitatha, misulu inandionetsa china, cha nkhwali, kenaka chinanso cha nkhanga kufupi ndi khwawa. Ndekha sindikanazipeza. Nkhanga ikakhalira mazira ungaiponde osaiona.

Linali tsiku la dzuwa, mvula itagwa dzulo lake. Ndinali chafufumimba kunsi kwa minga, mwana kumsana, dzanja nditatambasula, dzira lili m'chipande. Mlonda analira kulira kochenjeza za munthu. Gulu lonse linathamangira kuchulu chapafupi n'kulowa. Ndinatembenuza khosi. Ndinaona mapazi ong'aluka zidendene ndi m'mphepete mwa nsalu yakuda yofwifwa.

Ndinayenera kudzuka, kupatuka, kunjuta. Sindikanatha. Minga inali pamwamba panga, mwana kumsana, ndodo patali, ndipo ndikanagwedezeka dzira likanagwa. Ndinaika chipumi pansi. Malaya anali atakwera m'mwamba ndi nsalu yoberekera. Ndinamva mphepo pamene kabudula anathera.

Mapazi aja anasuntha. Ndinamva akukhala pansi chapatali pang'ono. Nditasuzumira ndinaona msana wawo. Anali atayang'ana kuchulu. Anadikira mpaka timitu tinayamba kutuluka m'mauna. Ndiye analankhula, koma osati kwa ine.

"Eni mudzi, mwaswera bwanji kuno? Ife kwathu ndi njala. Inu mukuoneka kuti mukudya."

Misulu inawayang'ana.

"Ndataya chipande changa. Ndafunsa nyumba zonse, mpaka ndakangana ndi mng'ono wanga. Ndati ndifunse kuno, mwina mwachiona chikudutsa."

Panalibe njira ina. Nanenso ndinalankhula kwa misulu, pakamwa pali dothi.

"Auzeni kuti chipande chilipo. Sichinasweke."

"Oo, kani muli ndi wantchito? Mwamulemba liti? Ndinamva kuti ndi munthu wa sukulu, wa tepi m'khosi. Mumamulipira bwino?"

Ndinagwiritsa chipande kuti dzira lisagwe.

"Mufunseni, muli chiyani m'chipandemo."

"Dzira."

"La yani?"

"La nkhanga."

"Sindikufunsa make. Ndikufunsa wodya."

"Auzeni kuti ndi mwana."

"Ndikudziwa. Thewera lake ndimachapa ndine. Fungo la dzira ndingalisowe? Ndakhala ndikudikira kuti wina abwere adzanene, koma wantchito wanuyu pakamwa pake anasoka yekha."

Liwu lawo linasintha. Nthabwala inachokamo.

"Mwana wa achemwali anga anaba mazira ali wamng'ono. Anagwera pamoto akuphupha. Dzanja lake ndi lopinimbira mpaka lero, ndipo palibe anamufunsira. Ndinaona ndi maso anga. Uyu akadzayamba kugwa adzagwera m'manja mwa yani? Mkamwini amapinda mphasa n'kupita kwawo. Wotsala naye ndine."

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo mantha awo anali omwe anali mwa ine. Ndinafuna mawu aulemu, sindinawapeze.

"Auzeni kuti mwana wa achemwali awo ali moyo. Ana awiri aja ali kumanda."

Mawu otere mkamwini sayankhula kwa apongozi, ngakhale kudzera kwa nyama. Ndinadikira. Msulu umodzi unatuluka wonse, n'kukwera pansonga ya chulu, n'kuima. Mwana anayamba kulira pang'ono kumsana kwanga, chifukwa nthawi ya dzira lake inali itapita. Kulira kumeneko kunali kwachilendo. Masabata apitawo analibe mphamvu yolirira.

Apongozi anamvetsera. Kenaka anapumira m'mwamba.

"Muuzeni atulutse chipande pang'onopang'ono, achiike pamwala. Atseke maso."

Ndinabwerera chambuyo ngati msulu uja, n'kuika chipande pamwala, n'kutseka maso. Ndinamva akuyandikira. Mfundo ya nsalu inali pachifuwa panga, choncho ndinadzutsa thupi pang'ono n'kuimasula. Manja awo anachotsa mwana kumsana kwanga. Zala zawo zinandikhudza paphewa. Zinali zouma ngati nkhuni. Pamenepo ndinadziwa kuti nawonso sankadya. Gawo lawo linkapita kwa ena.

Anabwerera pamalo awo. Ndinamva akumutembenuza mwana, akudina mapazi.

"Aphwa," anatero chapansipansi. Sanauze misulu mawu amenewo, sanauze ine.

Kenaka anakweza mawu.

"Mverani, eni mudzi. Mazira aziwasiya m'mphako ya bwemba, aphimbe ndi masamba. Ndizitenga ine pobwera kudambo. Ndiziswera m'phala, aliyense asaone, ngakhale make. Zophika m'chitini chadzimbiri zithe lero. Mwana wanga si galu. Zikavuta, wamudyetsa ndine. Mkamwini sakudziwa kanthu."

"Auzeni kuti ndamva."

"Chipande atsale nacho, chagwira kale ntchito yonyansa. Chilondacho azitsuka ndi madzi otentha a mchere, chikununkha mpaka kuno, chithawitsa nkhanga."

Anaimirira, mwana ali m'manja. Ndinayembekeza kuti atola nsalu yoberekera. M'malo mwake inagwera pa ine, kuyambira m'chiuno kutsika.

"Nsaluyo ndamubwereka. Akudziwa yekha pofunika kuphimba. Telala!"

Anapita. Ndinakhala chigonere mpaka misulu yonse inatuluka n'kuyambanso kudya mondizungulira. Ndakhala zaka zambiri, ndaikapo abale, ndanyozedwapo ndi akapitawo ndi amesinjala a boma. Palibe tsiku limene ndinafuna kuti nthaka indimeze ngati limenelo. Ndinabwerera kumudzi dzuwa litapendeka, nditamanga nsalu ya mkazi m'chiuno. Ana anandiperekeza mpaka pakhomo. Akazi anga anayang'ana nsaluyo, anayang'ana kunyumba kwa amayi awo, n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira mawa lake mwana ankapita ndi agogo ake kudambo, kapena ankatsala nawo pakhomo. Ine ndinkapita ndekha. Ntchito inapepuka, manyazi sanapepuke. Kale ndinkati palibe akudziwa. Tsopano ndikamakhwekhwereza kumbuyo kwa gulu ndinkadziwa kuti pali munthu mmodzi amene akundiona m'maganizo mwake, ndipo ndi munthu amene sankayenera kuona ngakhale mano anga.

Misulu inasamuka nthawi imeneyo. Imatero, chakudya chikachepa pafupi, kapena nthata zikachuluka m'mauna, imapita kuchulu china. Inanyamula ana pakamwa, uliwonse wake, n'kuyenda mondondozana m'udzu, wobereka uja patsogolo. Chulu chatsopano chinali kutali, kutsidya kwa khwawa. Ndinatsatira. Mazira anayamba kusowa, chifukwa nkhanga zinali zitaswa. Masiku ena m'mphako ndinkasiya nkhululu zokha. M'mawa ndinkapeza mulibe kanthu, masamba ataikidwa bwino. Tsiku lina ndinapezamo kamchere kokulunga m'khoko la chimanga. Ndinatsukira chilonda.

Mantha a khunyu sanatichoke. Ndikakhala pakhonde madzulo ndinkamvetsera kuseri kwa mpanda. Mwana akatsokomola, ndinkamva apongozi asiya chimene akuchita. Akazi anga ankati amayi awo apeza mankhwala abwino, ndipo ankadabwa chifukwa chake tonse awiri sitikukondwa.

Maungu atayamba kuyala ndipo chimanga chitamasula, m'mawa wina ndinali pakhonde ndikumanga chilonda kuti ndinyamuke. Kuseri kwa mpanda kunamveka kugwa kwa kanthu, kenaka mfuu ya apongozi.

"Mayo! Mwana! Mwana wagwa!"

Sindikumbuka kuti ndinatola ndodo. Ndinadutsa pampata wa mpanda umene sindinadutsepo chikwatirire. Mwana anali chafufumimba pafupi ndi mtondo, miyendo ikupalasa. Apongozi anafika kuchokera kukhitchini, ine kuchokera kumpanda, tonse n'kugwada, mitu pafupi kugundana. Anamutembenuza. Ndinayang'ana kukamwa. Panalibe thovu, panali dothi. Maso anali bwinobwino, okwiya. Anakankha dzanja la agogo ake, anagwira m'mphepete mwa mtondo, n'kudzikoka mpaka kuima. Miyendo inali ngati bango. Anasiya mtondo, n'kuponya phazi limodzi, lachiwiri, kulunjika kumene kunali mphika wa phala. Anagwanso, chokhala. Anatiyang'ana.

"Phala," anatero.

Ndinadzutsa mutu. Apongozi nawonso anadzutsa. Anali ndi nkhope yaing'ono, mphini ziwiri patsaya, ndipo misozi inkatsika. Tinayang'anana kanthawi kochepa. Kenaka anakumbuka, n'kukoka nsalu kuphimba kumaso. Ine ndinatembenuka n'kukwawa kubwerera kumpanda, pakuti ndodo inali itatsala pakhonde.

"Wina auze anthu odutsa m'mipanda ya eni ake kuti dzuwa lakwera," anatero kumbuyo kwanga. "Mwana akufuna ndiwo."

Ndinamaliza kumanga chilonda, ndinatenga chipande, n'kupita kutsidya kwa khwawa.